Wokwera kwa a Mbewe

LACHIWIRI

Margareta, 06:14
luckness, bondo lija latupanso. kuphiri kwa a Mbewe sindikwera sabata ino. loweruka upite ndiwe ukawaphunzitse

Margareta, 06:19
tili pa Atate Athu. amaima pokhululukira adani paja, akuti mng'ono wawo anawalanda dimba. usakangane nawo, uzingobwereza. buku usavutike nalo, saona. ubatizo akuufuna pa pasaka, koma mmene akutsokomolera sindikudziwa ngati afike

Luckness, 09:42
mwadzuka bwanj amayi. pepani za bondo. loweruka tili ndi outreach ya youth ku mponela, kwaya ndikutsogolera ndine

Luckness, 09:43
[chithunzi]
vesi ya lero, share kwa ena mudalitsike 🙏

Margareta, 10:05
chithunzi chako chikungozungulira. ndati a Mbewe

Margareta, 10:31
ndinakunyamula pa ubatizo wako ndine. katekisimu unaphunzirira pakhonde panga, ukudya mtedza wanga. sindinakutumizire chithunzi

LACHINAYI

Margareta, 15:50
lero tsiku la mphakati. ndayala mphasa, sikunabwere munthu. onse ali m'zigafa kusoka fodya. ndawerenga ndekha, ndayankha ndekha

Margareta, 17:02
sindikudandaula. ndikungokuuza

LOWERUKA

Margareta, 07:20
Nankhoma, mkazi wa a Mbewe, watumiza uthenga. akuti amuna ake sakudya, akungofunsa za ine. kuchoka ku mponela ndi pafupi. tsika pa msika, ukwere kabaza

Margareta, 07:48
[missed call]

Margareta, 07:55
bambo mfumu apita ku nthambi yakutali, abwera mawa. akatekisiti ali kumaliro ku kasakula

Margareta, 08:30
[missed call]

Margareta, 08:41
basi. ndatenga ndodo

Margareta, 13:15
[voice 0:09]

LAMULUNGU

Luckness, 11:26
amayi sory foni inali pa silent. mu voice mukungomveka mphepo ndi kupuma kwanu. dzulo kunali moto, anthu anadzaza ground yonse!! a mbewe ali bwanj

Margareta, 12:10
amwalira mmawa uno

Margareta, 12:18
ndinawabatiza ndekha, ndi madzi a m'kapu yomwera mankhwala. munthu akamafa aliyense atha kubatiza, ndinakuphunzitsa zimenezi. dzina anasankha okha, Gregorio. za dimba anati, mng'ono wangayo alime, ine ndatopa nalo. ndinati zakwana

Margareta, 12:21
wonena amen panalibe. Nankhoma sapemphera, anangowagwira mutu. ndinayankha ndekha

Luckness, 12:40
ayi amayi 😭😭 RIP. mukanandiuza kuti ndi serious

Margareta, 12:44
werenga m'mwambamo

LACHITATU

Margareta, 09:03
tawaika dzulo. ine ananditsitsa pa ngolo ngati thumba la chimanga. anesi andiuza kuti zokwera mapiri ndiiwale. ndinawafunsa ngati akwere iwowo, anaseka

Margareta, 09:12
tamva tsono. nditakwera ngolo, Nankhoma anandigwira chitenje. akuti nthawi yonse ndimaphunzitsa amuna ake iye amamvetsera kuseri kwa nkhokwe. wandinenera Atate Athu mpaka pakati, osaphonya. akufuna kumaliza

Margareta, 09:15
kutsika kuno sangathe, ali pa chisoni, ndipo mbuzi alibe wozisiyira

Luckness, 14:37
wow Mulungu ndi wabwino. ndimuika pa group timupempherere

Margareta, 14:52
pa group safikapo, alibe foni

Luckness, 14:58
ndiona amayi, week ino ndili busy pang'ono

LACHISANU

Margareta, 16:20
ndinamuuza Nankhoma kuti loweruka kubwera mwana wanga. anati asesa pakhonde

Margareta, 16:34
ndinakuimira pamaso pa mpingo kuti ndidzakulera m'chikhristu. kuimba umaimba bwino, sindikana. koma kumtundako kuli munthu mmodzi, ndipo palibe wokuombera m'manja. ukafika ukhale pansi, udye chimene akupatse, uyambire pamene analekera. akalakwitsa usamuseke

Margareta, 16:36
njira ndi ija ya kuseri kwa chigayo, pa mtsinje uvule nsapato. a Mbewe unawaphonya. uyu usamuphonye, luckness

LOWERUKA

Margareta, 07:05
wanyamuka?