Masipika ndi mbuya wa pa sofa

Loweruka, 4 Okutobala

Manyazi a chaka chonse ndawadyera ku Kamwala, mu Lusaka muno, lero. Sitolo ya zamagetsi, anthu thithithi. Ine Dyness, mphunzitsi wa sayansi, dipuloma ili pakhoma, ndagwada patsogolo pa chibokosi chakuda, khutu pansalu yake, maso otsinzina, mutu kugwedeza ngati katswiri. Ndinafika poyamikira mokweza kuti mawu ake ndi oyera.

Chingwe chake chili lende pansi, chosalumikiza. Nyimbo inkachokera m'kawailesi ka pashelefu.

Woona woyamba ndani? Hilda. Wanyamula pulagi m'mwamba ngati wagwira mbewa kumchira. "Onani ba ticha, bamvela nyimbo mu chibokosi chakufa. Mbeba zinabadya makutu!" Sitolo yonse gwa ndi phwete.

Sindinagule kanthu. Chilimba cha kusukulu, ndalama zimene timasonkherana mwezi ndi mwezi, chandigwera mwezi uno, ndapatula K3,000 ya homu thiyeta, osawonjezera ngwee. Ndikungofuna kumva zimene anthu a m'filimu akunena, pakuti tivi yanga imalankhula ngati ili m'chitini.

Pano Hilda akupuma pa sofa yanga. Mnzanga wa ku koleji ameneyu anabwera mu Ogasiti kudzagona Loweruka limodzi akufunafuna chipinda chake. Loweruka lake silinathebe.

Lolemba, 6 Okutobala

Malaiti kulibe kuyambira m'mawa. Kutentha kwa kuno ku Mtendere, malata kulira okha.

Za K3,000 zilipo zitatu. Choyamba, zimasipika ziwiri zazitali ngati ana a giredi 4, zamateyala, zothwanima buluu ndi kufiira, ndi mayikolofoni yaulere. Pakatoni alemba mawatsi ochuluka oti n'kuyatsira komboni ya Chawama yonse. Bodza losindikiza bwino. Chachiwiri, timasipika tisanu ndi zingwe zake zoti zizungulire chipinda; m'nyumba mwanga muno ukakhala pa sofa mawondo amapereka moni kwa tivi, ndiye zingwezo ndiziyanika zovala kapena? Chachitatu, saundiba: kandodo kakuda kokhomera pansi pa tivi, ndi kabokosi kamodzi ka besi.

Hilda akufuna zamateyala. Ntchito yake ndi kuyendetsa makitcheni pate, maphwando aja olangiza mkwatibwi, kukuwa pa mayikolofoni, kuvinitsa azimayi a eni. Akuti saundiba ndi ya anthu odwala mtima.

Ndamuuza poyera kuti anyamule zikwama zake azipita. Waseka mpaka kutsokomola, ati chikondi cha Angoni chimaluma ngati tsabola.

Vuto ndi limeneli. Agogo anga anachoka ku Ntcheu kudzagwira ntchito kunjanji, ndiye ine ndine Mngoni wakum'mawa. Iye Mbemba wa ku Kasama. Chimbuya: iye anditukwane za mbewa, ine ndimutukwane za anyani, wokwiya ndiye chitsiru. Amene anayambitsa mwambo umenewu analibe sofa.

Lachitatu, 8 Okutobala

Kuweruka kusukulu, ndapeza mayi wa chitenje chonyezimira pakhomo. Wabwera kudzaona masipika a kitcheni pate ya mwana wake, ya pa 25. Masipika ati? Amene ba Hilda anawalonjeza. Asanatuluke pageti, bambo wa kwaya naye uyu, kufunsa ngati mayikolofoni ndi yopanda chingwe.

Zinthu zikadali m'sitolo, koma zili kale ndi pulogalamu mpaka Khrisimasi.

Komboni ndi mmene ilili. Sipika yaikulu ili ngati wilibala, mwini wake ndi amene wayamba kudzuka. Ba Chiti a kuseri kwa msika anagula zawo chaka chatha, lero amangoziona m'zithunzi za maukwati a anthu ena.

Madzulo ba Kunda, alandilodi, andiitanira pansi pa mpapaya. Mawu ofewa, maso ouma. Ati nyumba anabwereketsa mphunzitsi mmodzi wofatsa, osati bandi. Ati ba Luse a khomo linalo ndi anamwino, amagona masana, ndipo khoma lathu ndi la buloko imodzi. Alendo ogogoda pageti awatopetsa, kuseka kwa Hilda kwawatopetsa. "Vimasipika vikangena pa geti iyi, mwezi ukasila imwe muchokela pamene apo."

Zaka zonse zija za kugona m'chipinda chimodzi ndi ana a achemwali anga ku komboni ya George. Nyumba yoyamba ya ine ndekha, kiyi wanga, pompi pakhomo. Ndiitaye chifukwa cha kitcheni pate ya munthu amene sindidziwa n'dzina lomwe?

Loweruka, 11 Okutobala

Ndayesa nkhanza. Zikwama zake zonse panja, nsapato pamwamba, ine pakhomo manja m'chiuno. Ndanena mawu amene mphunzitsi sayenera kuwadziwa.

Iye? Waitana pabwalo ponse adzaone Mngoni akuchita nkhondo ya makolo ake. Watulutsa paudala ya ana m'chikwama, wandithira kumutu mbuu, kuvina mondizungulira. Azimayi nthungululu. Ba Luse atuluka ndi maso a tulo, nawonso kuseka. Ngakhale ba Kunda anagwira nthiti, kenako pondidutsa anong'ona kuti kutha kwa mwezi sikunasunthe.

Zikwama ndabweza ndekha. Wina aliyense akanati ndilibe chimbuya.

Paudala ikadali m'makutu.

Lachiwiri, 14 Okutobala

Chinthu chachilendo. Ndafika wotopa, mapepala a mayeso m'manja, mutu uli kwina. Mosaganiza ndamupatsa moni wa kwa alendo a ku ofesi ya ahedi: mwaswera bwanji ba Hilda, zikomo potisungira nyumba.

Anali akudya chinangwa. Dzanja linaima panjira. Wandiyang'ana nthawi yaitali, kenako kufunsa ngati ndikudwala. Ndati ayi, zikomo pofunsa. Sanamalize chinangwa.

Haa. Ndiye kuti njovu iyi imaopa ulemu.

Loweruka, 18 Okutobala

Sabata ya ulemu woopsa. Madzi osamba ndimamuikira ndekha, thaulo latsopano. Pompatsa chakudya ndimagwada, beseni ndi jagi, kumusambitsa m'manja ngati apongozi. Mbale zagalasi za m'kabati. Akafuna kutsuka mapoto, ayi ba Hilda, mlendo sagwira mwaye. Akafuna tsache, ayi, pumulani. Dzulo ndapha nkhuku, nthutumba ndaika m'mbale yake.

Wayesa zonse. Wanditcha kadyambewa. Ndati zikomo. Wati mphuno yanga ili ngati chitseko cha minibasi. Ndati mwina mwaona bwino. Nthabwala zake zikugwa pansi ngati mango osapsa, palibe wotola.

Lero ndapita ndekha ku tauni. Wogulitsa amafuna andikankhire zamateyala, ati azimayi onse amakonda zothwanima. Ndamuuza kuti azimayi onsewo akagule. Saundiba ndamvetsera ili yolumikiza, chingwe ndachigwira ndi dzanja langa kutsimikiza. Yatsala ndalama ya kalipentala ndi ya basi.

Kalipentala waikhoma ndi masikuluwu aatali, yothinana ndi tivi, moti mabatani ake apamwamba ngakhale chala sichilowa. Bwino. Wobwereka abwere ndi khoma lake. Kabokosi ka besi pa kapeti, kutali ndi mutu wa ba Luse.

Hilda waiyang'ana kuchokera pa sofa. "Ndiye ka mthiko aka mwagula?" Ndati inde ba Hilda, pepani ngati sikakukondweretsani.

Watuluka ndi foni kukauza mayi wa chitenje chonyezimira.

Ba Kunda abwera kudzayendera. Afunsa kuti masipika ali kuti. Ndaloza. Ati Mulungu adalitse maphunziro.

Lachiwiri, 21 Okutobala

Malaiti abwera madzulo, mwamwayi. Filimu yoyamba pa saundiba.

Mawu ake, ee. Munthu akatsegula chitseko m'filimu umacheuka. Mvula ikamagwa umafuna kukaanula zovala. Ndalama yanga sinapite pachabe, ndipo ndikanakonda wina anditsutse kuti ndimugonjetse.

Palibe wonditsutsa. Hilda wakhala kumphepete kwa sofa, mawondo pamodzi, manja pamiyendo, ngati wabwera kudzapempha ntchito. Kale bwenzi akulangiza mkazi wa m'filimu kuti amusiye mwamunayo, akutukwana wigi ya apongozi, akulosera mathero molakwika. Ndinkati amandisokoneza. Lero ndamva liwu lililonse la filimu. Ndi filimu yopusa. Sindinkadziwa.

Pa maliro a amayi ndi Hilda amene anaphika sabata yonse, n'kumauza anthu kuti Angoni amalira mokweza pofuna nyama. Ndinaseka tsiku loika, ine. Achemwali anandiyang'ana moipa.

Basi. Zimenezo sizilipira lendi.

Filimu itatha anafunsa, maso ali pa tivi yozima: "Dyness, nakulakwila chani?" Ndati palibe, ba Hilda, mugone bwino.

Mphunzitsi wa sayansi. Wapeza mankhwala a makoswe, wathira m'chitsime chake.

Lachinayi, 23 Okutobala

Hilda wapeza chipinda ku Chaisa, kwa mayi wina wa mumpingo wawo. Masipika a Loweruka wachita hayala kwa anyamata a ku Kalingalinga, phindu lake lonse lathera komweko. Sanandiuze ine, wauza ba Luse pa pompi, mokweza kuti ndimve.

Ba Kunda andipatsa mapapaya awiri. Nyumba yapulumuka.

Ndadya limodzi. Losakoma.

Lachisanu, 24 Okutobala

Tchuthi cha ufulu, mbendera pa minibasi iliyonse. Hilda wadzuka m'mamawa, bulangete wapinda bwinobwino, sofa wasesa. Dzenje la thupi lake lokha ndi limene lakana kuchoka.

Kenako wandibwezera. Wagwada pakhomo, kuwomba m'manja mwa Chibemba, kuthokoza ba mayo ba Dyness chifukwa cha chisamaliro chawo chonse, Mulungu awonjezere pamene pachoka. Ulemu wake woposa wanga, wozizira ngati madzi a m'firiji. Ndinamva mmene nthutumba ija inamukhalira pakhosi.

Ndamunyamulira chikwama mpaka pa siteji. Fumbi, ana ovala zobiriwira, wogulitsa chimanga chowotcha. Ndinafuna kunena kanthu, koma m'kamwa munangotsala zikomo ndi pepani.

Wakwera, wakhala pawindo, osandiyang'ana. Kondakitala wamenya chitseko. Basi itayamba kuyenda, dzanja latuluka pawindo kundibayibitsa.

M'dzanjamo limoti ya saundiba.

Sindikudziwa kuti mawu anachokera kuti. Pa siteji yodzaza, makolo a ana a m'kalasi mwanga ali pomwepo, ndakuwa kuti wakuba iwe, mdzukulu wa odya anyani, bweza katundu wanga! Ndathamangira basi, patapata imodzi yatsala m'ngalande.

Mutu wake pawindo, mano onse panja, maso onyowa. "Yaba, wachila! Ubwele utenge ku Chaisa. Ubwele na mbeba!"

Yakhota pa msika, yapita.

Ndafika kunyumba ndi phazi limodzi lafumbi. Malaiti alipo. Ndayatsa tivi, khoma lonse lanjenjemera, makapu kulira m'kabati, ba Luse kumenya khoma. Mfiti ija yasiya voliyumu kumapeto. Mabatani ali kuseri kwa masikuluwu anga anzeru aja. Ndazula pulagi.

Ndakhala m'dzenje lake la pa sofa. Nyumba yanga, kiyi wanga, kandodo kanga kakuda kali duu pakhoma.

Kitcheni pate ndi mawa, sapezeka. Ndipita Lamlungu akaweruka ku tchalitchi. Za ku Chaisa amakwerera pati kodi, ndipo mbewa mu Lusaka muno munthu angazigule kwa ndani?