Mnyamata Woyeza Mthunzi wa Mbawa Yathu

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joni kumeneko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Nsaru tadzuka, koma amayi mwendo uja ukuwavutabe.

Nkhani ndi ya mwana wanga wamkazi uja, Tiyamike. Mayeso a Fomu 4 ayandikira ndipo masamu akumuzunza, ndiye kwapezeka mnyamata wina, dzina lake Lonjezo, akuti amuthandize. Poyamba ankakhala pakhonde n'kumachita za ajebura, ine phee. Tsopano asamukira kuseri, pa mbawa ija anadzala malemu abambo. Ndinawapeza akuyeza mthunzi wake ndi chingwe. Nditafunsa, mnyamatayo anati, "Mayi, imeneyi ndi tirigonometiri. Tikadziwa mthunzi ndi ngodya, kutalika kwa mtengo tikudziwa osakweramo."

Achimwene, inu sukulu munapita nayo patali, tandiuzani: kodi zimenezi zilimodi m'mabuku? Ndikufunsa chifukwa ndamva kuti bambo ake a mnyamatayu ndi ocheka matabwa ku Kabudula. Mwana wa wocheka matabwa azifuna kutalika kwa mbawa yathu chifukwa cha mayeso basi, eti? Komanso dzulo kunachita mitambo tsiku lonse, mthunzi kunalibiretu, koma iye anabwerabe, malaya ali osita bwino, chingwe ataiwala. Tiyamike naye anali atasamba kale, nkhope ili phuliphuli ndi mafuta.

Chonde imbani foni mumufunse mnyamatayu mafunso a masamuwo nokha, timve ngati akuwadziwadi. Kaya akufuna mtengo, kaya akufuna mwana, zonsezo wokambirana naye ndinu amalume.

Ambuye akusungeni kumeneko.

Ndine mlongo wanu,
Nabanda