Mapilitsi Amene Ndinakutumizira

Mobeni, Durban
14 Ogasiti

Wokondedwa mng'ono wanga Thokozire,

Ndiyambe ndi kufunsa moyo. Uli bwanji kumeneko ku Balaka? Amayi ali bwanji ndi bondo lawo lija? Nanga a Lewis akudzuka? Ine kuno ndilipo, Mulungu akusungabe, ngakhale mwezi wathawu ndinagonako m'chipatala masiku asanu ndi limodzi. Usadzidzimuke, ndinatuluka, ndipo Lolemba ndinayambiranso ntchito ku fakitale.

Ukudabwa kuti kalata ya chiyani foni ilipo. Ndimakudziwa iwe Thoko, ndinakubereka kumsana ine. Ukamva mawu awiri oyamba umakhala utanyamuka kale, otsalawo umakamvera kunjira. Nkhani iyi siifuna zimenezo. Khala pansi, uwerenge mpaka pa dzina langa, ndipo usakhudze chilichonse usanamalize. Ndapatsira a Malizani, aja amanyamula katundu pa basi, ndawauza kuti akupatse m'manja mwako, osati mwa amayi.

Nsalu ya diresi yako ya ukwati ndinagula kale m'tauni. Ndi yolemera bwino, ndipo lesi wake ukadzamuona udzavina. Koma sindinaidule, ili m'sutikesi momwemo.

Miyeso imene unanditumizira mu Julaye ndinaiika pambali pa ija ndinakuyeza ndekha mu Januwale. Pamimba wawonjezera mainchesi asanu ndi limodzi. Khosi lakula. Koma mkono wachepa, ntchafu nayonso yachepa. Poyamba ndinaseka, nkumati Thoko wayamba kuwerengera tepi kumchira. Zaka khumi ndi ziwiri ndikusoka ine, ndimadziwa kuti munthu akamanenepa amanenepa paliponse, sasankha.

Kenaka ndinatenga tepi yomweyo nkudziyeza ndekha. Thoko, ndinapeza zomwezo. Mimba kutsogolo, miyendo ngati ya munthu wina. Ndinakhala pa bedi tepi ili m'khosi, kuseka kuja kutatheratu.

Ukukumbukira chaka chija ndinabwera kumudzi ndili woonda. Kuonda kwake kunali kwa ntchito basi, kuimirira ndi kusoka maovolosi tsiku lonse. Koma unamva wekha zimene ankanong'ona azimayi kumpopi, zoti Sellina wabwera nako ku Joni, amayi ake ayambe kukonzeka. Zinandipweteka kwambiri. Nditabwerera kuno ndinalumbira kuti sadzandionanso choncho.

Pali mayi wina amagulitsa mafuta odzola ndi timankhwala m'chikwama pafupi ndi pokwerera ma taxi. Ndiye anandipatsa timapilitsi toyera tija, m'botolo lopanda dzina. Anati ndi mavitamini opatsa chilakolako cha chakudya, ndizimwa awiri m'mawa uliwonse. Sindinafunse zambiri. Safunsa anadya phula, ine ndinadya langa ndi manja awiri.

Ndipo anagwira ntchito, sindinganame. Pa Khirisimasi unaona wekha mmene anandilandirira kutchalitchi. Omwe aja ankanong'ona ndiwo ankandigwira masaya, ati Joni yandiyanja. Ndinkayenda ngati ndagula msewu.

Ndiye iwe unabwera kuchipinda ukulira, kuti mayi awo a Lewis afunsa ankhoswe ngati mtsikanayu ali bwinobwino, ngati munayezetsa, chifukwa mafupa a m'khosi akuoneka. Ndinakwiya nawo mayi aja. Ndinatsegula chikwama nkukupatsa botolo langa, ndinakuuza kuti ndi mavitamini, ndipo unandikhulupirira chifukwa ndine mkulu wako. Mu Epulo ndinatumiza lachiwiri, mu Juni lachitatu.

Apa ndiye pali pondivuta kulemba. Pamene ndinkatumiza lachitatu lija ndinali nditayamba kale kukayika. Kukwera taxi ndinkachita kugwira chitseko ndi manja onse, miyendo ikukana. Ndikangogunda pang'ono pa tebulo la makina, pakhungu pankada sabata yathunthu. Pamimba panatuluka mizere yofiirira, kuseri kwa khosi kanayamba kalinunda. Ludzu losatha, kukodza kosatha. Maggie, mnzanga wa ku Mulanje amene timagona nyumba imodzi, anandiuza maso ndi maso kuti nkhope yanga si ya kunenepa, ndi yotupa, ndisiye kutumizira mwana zinthu zimene sindikuzidziwa.

Ndinamuyankha kuti ndi nsanje. Sabata yomweyo unali utanditumizira chithunzi uli mu chitenje chobiriwira, masaya ali tolotolo, ndipo unalemba kuti apongozi ayamba kuseka nawe. Ndinasankha kukhulupirira chithunzicho. Ndinakulunga botolo m'kati mwa bulangete la amayi nkutumiza. Palibe anandikakamiza, Thoko. Ndinachita ndekha, ndikudziwa kuti mwina pali vuto.

Tsono tsiku lija la tepi mantha anandigwira. Ndinachita chimene munthu aliyense wa kwathu angachite akazindikira kuti chinthu ndi choipa. Ndinatenga botolo langa nkukhuthulira m'chimbudzi, ndinagujumula madzi, ndinapemphera, mtima nkukhala pansi. Ndinkati ndikaona mmene thupi layankhira ndikuimbira kuti nawenso utaye. Tithokoze Mulungu kuti ndinachedwa kuimba.

Tsiku loyamba ndinangomva kutopa. Lachiwiri mutu ndi mfundo zonse zinkawawa, ndinati ndi chimfine cha kuzizira kwa Julaye. Lachitatu ndinayamba kusanza, koma ndinapitabe kuntchito. Cha m'ma teni koloko ndinaimirira kuti ndikatenge ulusi, ndipo chimene ndikukumbukira ndi denga likuzungulira.

Maggie akuti ndikugwa ndinakuwa kuti mayo ine ndikufa, m'Chichewa chenicheni, pakati pa anthu onse aja. Zaka zonsezi takhala tikubisa chilankhulo, m'taxi timangoti yebo, sharp, kuopa mavuto. Tsiku limenelo chinatuluka chokha. Koma palibe anasamala za izo. Mayi wina wachizulu amene sitinkalankhulana nkomwe ndiye anandiika mutu pamiyendo pake mpaka ambulasi inafika.

Kuchipatala anati magazi anali atatsikiratu mphamvu. Anandiika madiripi, nkumandifunsa mankhwala amene ndimamwa, ine nkumati palibe. Manyazi, Thoko. Maggie ndiye anapita kunyumba nkukapeza mapilitsi atatu amene anatsalira m'kathumba ka chikwama changa, nkuwapereka kwa adokotala. Akanapanda iye sindikudziwa ngati bwenzi ukuwerenga kalata ino.

Dokotala amene anandithandiza ndi mayi wa ku Verulam, kufupi ndi Durban konkuno, wamng'ono kwa ine, wa matenda a mahomoni. Sanandikalipire. Anakoka mpando nkujambula impso ziwiri papepala, pamwamba pa iliyonse nkuikapo kachipewa. Anati tizipewa timeneti ndi tiziwalo timene timapanga homoni ina tsiku lililonse, makamaka m'mawa. Homoni imeneyo ndi imene imauza thupi mmene ligwiritsire ntchito shuga ndi mafuta, imagwiriziza mphamvu ya magazi, ndiponso imatithandiza kupirira tikadwala.

Anati mapilitsi aja si mavitamini ayi. Ndi mankhwala amphamvu ofanana ndi homoni imeneyo, amene madokotala amapereka mosamala pa matenda ena, kwa nthawi yoyezedwa. Ukamamwa ochuluka miyezi yambiri, thupi limasamutsa mafuta nkuwaunjika pamimba, kumaso ndi kukhosi. Nthawi yomweyo limadya minofu ya m'manja ndi m'ntchafu, khungu limapyapyala, mafupa amafooka, shuga amakwera. Ndinamuuza za tepi yanga. Anagwedeza mutu nkunena kuti tepiyo inaona zoona.

Ndiye kunenepa kuja ankandiyamikira kutchalitchi kunali chikomekome cha mkuyu. Panopa ndili ndi shuga, ndikumwa mankhwala ake. Adokotala aja ali pa kafukufuku woona mmene mapilitsi ngati aja amasinthira mafupa ndi minofu, ndipo anandipempha ngati ndingalowe nawo. Ndinavomera, ndinasaina. Anandigoneka pa makina ena ojambula mafupa, ndipo anati anga akuoneka ngati a munthu wamkulu kuposa zaka zanga. Akuti zina zibwerera pang'onopang'ono, zina sakulonjeza.

Tsono tamvera bwino apa, chifukwa ndi pamene ndalembera kalata yonseyi. Ndinamufunsa kuti ngati mapilitsiwo ndi oipa, bwanji ndinagwa nditawasiya? Anati tiziwalo tija tikaona kuti homoni ikubwera kuchokera kunja tsiku ndi tsiku, timasiya kupanga yathu, timagona. Ukasiya mapilitsi mwadzidzidzi, tiziwaloto sitidzuka tsiku lomwelo. Thupi limatsala lopanda kalikonse, magazi amatsika, ndipo munthu akhoza kufa m'masiku ochepa. Ine ndinamva msanga, chifukwa makina osokera akakhala miyezi osapalasa sungangokhalapo nkuyamba diresi, amafuna mafuta ndi kuwazungulitsa pang'onopang'ono.

Choncho ngakhale ine anandibwezera pa mankhwala a mtundu womwewo. Akundichepetsera iwo eni pang'onopang'ono, mwina zitenga miyezi, uku akuyeza magazi kuona ngati tiziwalo tija tadzuka.

Pamenepo ndi pamene ndinalira, Thoko, kulira kwenikweni, nkumuuza za iwe. Ndinati ndili ndi mng'ono wanga ku Malawi, wamwa miyezi isanu ndi iwiri, ndipo ndinamupatsa ndine. Kenaka anatenga pepala la chipatala nkulemba dzina lenileni la mankhwalawo, mlingo umene ukumwa, ndi zimene adokotala a kumeneko ayenera kuyeza. Anadindapo chidindo. Ndi pepala limene lapindidwa m'kati mwa kalata ino, ulisunge m'buku lako la kuchipatala.

Ndiye ndikukupempha, ndagwada. Usataye mapilitsi aja. Usawaponye m'chimbudzi, usawatenthe, usapite nawo kwa abusa kuti akawathire pamoto. Ndikudziwa kuti dzanja lako likuyabwa kale. Mawa m'mawa umwe awiri monga masiku onse, usawonjezere, usachepetse wekha. Eish, taona zimene ndafikapo, ine amene ndakuuza kuti chinthuchi chikukudya ndi amene ndikukuuzanso kuti umwe.

Ukatero ukwere minibasi upite kuchipatala cha boma, botolo m'manja, pepala m'buku. Usadikire Lolemba, usadikire kuti chimanga chipite kaye kuchigayo. Ngati ukumwa monga ndinakuuzira, botolo la mu Juni litha kumapeto kwa mwezi uno, ndipo ine sinditumizanso lina. Likatha usanaonane ndi adokotala, zija zinandichitikira ine zidzakupeza kumudzi, kopanda ambulasi yofika msanga. Ukayamba kusanza, kapena malungo akakugwira, usagone kunyumba ngakhale tsiku limodzi.

Upite ndi azakhali a Olive. Iwo saopa manesi, ndipo pakamwa pawo mpotseka. Ukawauze adokotala zonse, ndi zija unandinong'oneza pa foni zoti kumwezi sukupita bwino. Dokotala wanga akuti mankhwalawa amachititsanso zimenezo, koma akayeze ndithu.

A Lewis uwauze wekha, asamve kwa anthu. Thupi limenelo liphwa, masaya abwerera mwakale, ndipo ndi bwino adziwiretu chifukwa chake. Anakufunsira uli woonda, mayi awo asanayambe zoyeza anthu ndi maso. Akafuna wolakwa uwapatse nambala yanga, ndiwayankha ndekha. Za tsiku la ukwati musakangane nazo tsopano, muyambe mwamva adokotala.

Amayi ndiwauza ndekha Lamulungu likubwerali pa foni. Usandisenzere katundu ameneyu, ndi wanga. Ndikungofuna kuti pamene ndizidzawauza, iwe ukhale utapita kale, kuti ndidzathe kunena kuti mwana wanu ali m'manja mwa madokotala.

Sindikupempha kuti undikhululukire lero. Ndinafuna kukutchinjiriza ku pakamwa pa anthu, nkukupatsa chinthu choopsa kuposa pakamwa pawo. Ngati mawu anga sukuwakhulupiriranso, uli ndi chifukwa, khulupirira chidindo chili papepalacho.

Undiperekere moni kwa amayi, kwa azakhali a Olive, kwa achimwene a Lekani ndi alamu, ndi ana onse. Maggie akupereka moni, akuti akukupempherera. Ambuye akusunge, akuyendetse bwino panjira, akupatse dokotala womvetsa ngati amene anandipatsa ine.

Ukafika kuchipatala undiimbire, ngakhale kungoliza kamodzi nkudula. Ukafuna kunditukwana unditukwane, ndimvetsera mpaka umalize. Koma unditukwane uli pamzere wa kwa dokotala, mapilitsi a m'mawa utamwa.

Ndine mkulu wako wokulakwira, koma wokukonda,

Sellina