Nkhani ya Mkono wa Tumpale

KOMITI YA MAKOLO, SUKULU YA MKOMBAPHALA YA TUTULANE, IKUBO, KYELA
Zolembedwa za msonkhano wotsiriza wa chaka

Tsiku: Loweruka, 14 Disembala 2024
Malo: Pakhonde la nyumba yosungiramo koko, poti m'kalasi mwathu mukudontha
Nthawi: Unaitanidwa 2 koloko masana, unayamba itadutsa 3 koloko

Opezeka: Bambo Gwakisa Mwaisumo (Wapampando), Mayi Ndimyake Mwakyoma (Mlembi), Mayi Subilaga Mwalukasa (mkulu wa ophika phala), Bambo Lutufyo Mwambene (woimira abambo), Aphunzitsi Tusajigwe Mwangomale (alibe voti).
Oitanidwa: Mayi Sekela, amake Tumpale, pamodzi ndi mwanayo.
Osapezeka: Wachiwiri kwa Wapampando (ali kumaliro), Msungichuma (sanatumize mawu, koma anaonedwa pa njinga yamoto akulowera kuboda).

1. Kutsegula

Mayi Mwalukasa anapemphera. Wapampando anathokoza amene anabwera ndipo anapempha kuti aliyense alankhule mwachidule, chifukwa anthu asiya ntchito ya mpunga kumunda. Pempholi silinatsatidwe.

2. Zochokera mu msonkhano wapitawo

Zolembedwa zinawerengedwa ndipo zinavomerezedwa.

Pa nkhuni zimene abambo analonjeza, Mayi Mwalukasa anati panafika mtolo umodzi, wauwisi, ndipo ophika akhala akulira ndi utsi sabata yonse ngati kuli maliro. Bambo Mwambene anati abambo abweretsa akamaliza kubzala. Mlembi anakumbutsa komiti kuti pa msonkhano wapitawo anati abweretsa akamaliza kuthyola koko. Bambo Mwambene anati Mlembi amalemba zambiri.

Pa tsiku lakuti abambo adzasewere ndi ana awo kusukulu, Aphunzitsi anati panabwera bambo mmodzi. Atafunsidwa ngati anasewera, anati ayi, anadzatenga mpope wake wa njinga umene sukulu inabwereka kuti ipopere mpira. Komiti inagwirizana kuyeseranso chaka chamawa, monga inagwirizanira chaka chatha.

3. Ana opita ku kalasi yoyamba

Wapampando anakumbutsa komiti kuti ufa umene bungwe lotithandiza limapereka ndi wa ana a zaka zitatu mpaka zisanu basi, ndipo ang'onoang'ono ambiri akudikira kuti akuluakulu achoke. Poti makhadi a kusikelo a ana ambiri anapita ndi madzi osefukira aja, komiti imaona msinkhu monga amaonera a kupulayimale kutsidya: mwana adutsitse mkono pamwamba pa mutu n'kugwira khutu la mbali inayo. Wagwira, wakula.

Aphunzitsi anati atayesa ana Lolemba, pa ana khumi amene amayembekezera kuti achoka, palibe ndi mmodzi yemwe amene anagwira. Anati ana ena amene anagwira bwinobwino mwezi wa Okutobala, mikono yawo inapezeka kuti yafupika. Wapampando anafunsa ngati kwagwa matenda. Mayi Mwalukasa anati matendawo akudziwika: kupulayimale kulibe phala, ndipo Januwale aliyense amamudziwa nkhope yake.

Aphunzitsi anapitiriza kuti Lachinayi anasintha njira. Anayembekezera phala lithe, anaika poto pakati pa bwalo, n'kunena kuti nkhoko zomata pansi pa poto adya ndi amene agwire khutu. Anati mikono inakula nthawi yomweyo. Woyamba kugwira anali Gwamaka, mwana wa Bambo Mwambene, amene anagwira ndi dzanja lamanja, kenaka lamanzere, n'kufunsa ngati alandira kawiri.

Bambo Mwambene anati iyi si njira yoyesera ana, ndi msampha, ndipo mwana wanjala angagwire ngakhale chidendene. Aphunzitsi anati Gwamaka yemweyo anaulula kuti kunyumba anamuphunzitsa kupinda chigongono ndi kukwinya nkhope. Bambo Mwambene anati iwo sakhala pakhomo masana. Mayi Mwalukasa anapempha kuti mawu awo alembedwe momwe anawanenera: "Bambo a Gwamaka, mwana wanu akukwera mtengo wa kokonati, akubwera ndi chitsononkho m'thumba ngati fodya, ndiye mukuti ndi khanda? Mudikira amere ndevu ali pamzere wa phala?" Wapampando anati mawu akuti ndevu achotsedwe. Mlembi wawasiya momwemo chifukwa sipanachitike voti.

Chigamulo: ana asanu ndi anayi amene anagwira khutu apite ku kalasi yoyamba sukulu zikatsegulidwa. Bambo Mwambene sanavote.

4. Nkhani ya Tumpale

Wapampando anati mwana wachikhumi ndi Tumpale, ndipo n'chifukwa chake amake aitanidwa. Anafotokoza kuti mlendo wa kubungwe atabwera mwezi watha, anamuona Tumpale akuseka, anaona kuti mano a ukhanda anaguluka kalekale ndipo akuluakulu amera, n'kunena kuti uyu si wa mkombaphala. Mlendoyo anachenjeza kuti akadzamupezanso, adzalemba kuti sukulu yathu imadyetsa ana opitirira msinkhu, ndipo ufa ukhoza kuimitsidwa. Komanso mkulu wa kupulayimale wamubweza mwanayu kawiri, chaka chatha ndi sabata ino, chifukwa alibe khadi ndipo mkono wake sufika pa khutu. Wapampando anati mwachidule, mano akuti wakula, mkono ukuti ayi, ndipo komiti ione komwe mwanayu akhale.

Bambo Mwambene anati palibe chovuta apa. Anati ngati Gwamaka wathamangitsidwa chifukwa chopinda chigongono, uyunso akupinda, kungoti amake anamuphunzitsa bwino kuposa ena. Anati lamulo lisamasankhe nkhope.

Aphunzitsi anakana. Anati Lachinayi lija Tumpale anayesetsa kuposa onse, anapendeketsa khosi mpaka kutsala pang'ono kugwa, ndipo anzake akudya nkhoko iye anali akuyeserabe. Anati mwanayu amalemba dzina lake, amawerenga mpaka makumi asanu, ndipo nyimbo zonse za mkombaphala zinamukwana kalekale, amangotsegula pakamwa osatulutsa mawu.

Wapampando anaganiza kuti komiti idzionere yokha. Mwanayo anaimitsidwa pafupi ndi matumba a koko, anakweza mkono, ndipo Wapampando anaugwira n'kuukoka pang'ono. Zala zinathera pamwamba pa khutu, osalikhudza. Wapampando anati, "Usatsitse, mwanawe, ndione bwino," koma Bambo Mwambene anadzuka n'kunena kuti Wapampando akukoka mwachifundo. Panabuka phokoso, onse anabwerera m'mipando akulankhula nthawi imodzi, ndipo Mlembi sanathe kulemba zonse.

Bata litabwerera, amake Tumpale anapatsidwa mpata. Anati iwo sanabwere kudzapempha phala. Anati akufuna mwana wawo apite kusukulu ya zoona, chifukwa anzake amene anabadwa nawo chaka chimodzi akulowa kalasi yachitatu ndipo akamadutsa panjira amamutchula kuti agogo a mkombaphala. Anati yunifolomu anasoketsa chaka chatha, ili m'chikwama, ndipo chomvetsa chisoni n'chakuti mpaka lero ikumukwanabe.

Mlembi anafunsa ngati anayesa kutenga umboni kwa azamba amene anawathandiza pobereka. Anati anatenga, koma mkulu wa kupulayimale anati pepala aliyense angalembe, mkono ndiwo sunama. Mayi Mwalukasa anati mkuluyo akadabwera kuno Lolemba akadaona mikono isanu ndi inayi ikunama masanasana. Wapampando anawapempha kuti asabwererenso ku mfundo yachitatu.

Mayi Mwalukasa anapereka maganizo akuti mwanayo akhalebe, ndipo tsiku limene kukubwera alendo azikamubisa m'munda wa koko kuseri kwa khitchini. Amake Tumpale anati, "Amayi, zikomo, koma mwana wanga si shuga wozembetsa pa Songwe. Ndizimuuza chiyani? Kuti akamva galimoto azithawira kutchire?" Mayi Mwalukasa anati iwo amangofuna kuthandiza. Anabweza maganizowo.

Wapampando anafunsa ngati pali chimene amake achitapo kuti mkonowo ukule. Anayankha kuti m'mawa uliwonse, asanapite kuganyu, amamulendeweretsa pa nthambi ya mgwafa mpaka manja atatopa, ndipo madzulo amamukoka mkono akumusisita ndi mafuta. Anati mwanayo sadandaula, masiku ena amadzuka yekha n'kukalendewera amake asanadzuke.

Aphunzitsi anapempha kuti zolendewerazo zisiyidwe. Anati anamwino a kusikelo anawafotokozera kuti mwana akaperewera chakudya m'zaka zoyambirira, thupi limatsalira ngakhale zaka zikupita, ndipo nthambi singabweze zimenezo. Amake Tumpale anati, "Ndiye mukuti ndinaufupikitsa ndine? Chaka chimene bambo ake anapita kumigodi ku Chunya osabwerako, tinadya nthochi zophika zopanda ndi mchere womwe. Ine ndimadya makoko, iye ndimam'patsa zamkati. Ndikanam'patsa chiyani china, Aphunzitsi?" Aphunzitsi anati sanatanthauze zimenezo. Mlembi akuvomereza kuti apa anasiya kulemba kwa kanthawi.

Bambo Mwambene anati akumva chisoni ngati wina aliyense, koma chisoni sichiphikidwa. Anati ufa ukaimitsidwa chifukwa cha mwana mmodzi, ana onse agona ndi njala, ndipo komiti yomwe ino ndi imene idzatukwanidwe pamsika. Mlembi akulemba kuti apa Bambo Mwambene ananena zoona, ngakhale kuti ananena mokweza mosafunikira.

Panachitika voti. Ofuna kuti Tumpale achoke: Bambo Mwambene ndi Wapampando. Ofuna kuti akhalebe: Mayi Mwalukasa ndi Mlembi. Wapampando anakumbutsidwa kuti mavoti akafanana, iwo ndi amene amadula. Anati atopa, akhala pampando uwu zaka zambiri akudula za nkhuni ndi mapoto, ndipo sanavomere udindowu kuti azichotsa mbale pamaso pa mwana. Anati voti yawo yoyamba inali ya ufa, koma yachiwiri sangaiponye.

Mlembi anapereka maganizo akuti nkhani yaikulu chotere iyenera kugamulidwa pa msonkhano umene mamembala onse asanu ndi mmodzi apezekapo, ndipo kufikira tsikulo mwanayo azibwerabe ndi kudya. Mayi Mwalukasa anavomereza msangamsanga. Bambo Mwambene anafunsa ngati chiyambire komiti ino panakhalapo msonkhano umene onse anapezeka. Wapampando anafunsa Mlembi. Mlembi anati sakukumbukira. Bambo Mwambene anayang'ana kumunda, n'kunena kuti iwo sanamve funso lawo lomwe, ndipo maganizowo adutse.

Chigamulo: (a) Tumpale akhalebe mpaka msonkhano wa mamembala onse. (b) Alendo akabwera asabisidwe, Wapampando adzayankha okha. (c) Tsiku lotsegulira sukulu, Wapampando ndi Aphunzitsi aperekeze mwanayo kutsidya atavala yunifolomu, akapemphenso. Atafunsidwa ngati akuona kuti mkulu uja avomera, Wapampando anati munthu amene wakana kawiri sachita manyazi kukana kachitatu, koma apita.

Amake Tumpale anathokoza. Anati sichimene anadzera, koma alandira.

5. Zina ndi zina

Mayi Mwalukasa anati poto wamkulu wayamba kudontha pansi ndipo akumatidwa ndi sopo. Nkhaniyi isiyidwe kufikira Msungichuma atapezeka.

Aphunzitsi anapempha makolo kuti azitumiza ana ndi makapu awo, chifukwa ena akumwera m'zivundikiro.

Wapampando atafunsa ngati pali china, panamveka mawu kuchokera kumatumba a koko. Apa m'pamene komiti inazindikira kuti Tumpale anali chiimire pomwe anaikidwa paja, mkono uli pamwamba pa mutu. Wapampando anali atamuuza kuti asatsitse, ndipo pa mkangano wonse, pa voti, ndi pa nkhani ya poto, palibe amene anakumbukira kumuuza kuti atsitse. Mkonowo anali ataugwiriziza pachigongono ndi dzanja linalo.

Mwanayo anafunsa kuti, "Agogo, pano ndafika?"

Wapampando anadzuka kukaona. Mlembi anali mbali ya khutulo ndipo anaona bwino. Sanafike. Wapampando anati, "Watsala pang'ono, mwanawe. Tsitsa." Mwanayo anayang'ana amake kaye, ndipo anatsitsa amake atagwedeza mutu.

Mlembi akupempha kuti zilembedwe kuti komiti yonse inachita manyazi, ngakhale kuti palibe amene anapereka maganizo amenewa ndipo sipanachitike voti.

6. Msonkhano wotsatira

Loweruka, 11 Januwale 2025, malo omwewa ngati denga la kalasi silinakonzedwe. Mamembala amene ali ndi zochita zina tsikulo asadzivute.

7. Kutseka

Bambo Mwambene anapemphedwa kutseka ndi pemphero, koma anati apemphere wina. Anapemphera Aphunzitsi. Msonkhano unatha 5 koloko itadutsa, mvula ikuyamba. Amake Tumpale anam'bereka mwanayo kumsana popita kwawo.

Wapampando: Gwakisa Mwaisumo ......................

Mlembi: Ndimyake Mwakyoma ......................