Dzina lotembenuka pa pilokesi

Lachinayi, sabata ya Khirisimasi. Tsiku lolemera ngati bulangete lonyowa.

Ine ndi dipuloma yanga yonse ija, lero ndalemba dzina la amuna anga chobwerera m'mbuyo. Ndinaboola zilembo pa katoni, ndinapaka inki yapadera yolembera pa nsalu pa pepala, kenako ndinavundikira pepalalo pa pilokesi yoyera n'kusita ndi simbi yotentha. Ndinaiwala kuti pepala ukalivundikira, zilembo zimatembenuka. DALITSO wake ngwowerengera pa galasi. Inkiyinso ikalowa yalowa, sopo sathandiza.

Ndili kakasi, alamu anga a Esinati atulukira kuchokera ku Bangwe.

"Alamu, mwayamba liti Chiarabu?"

"Ndi sitayilo ya ku koleji, simungaimve," ndinatero. "Achimwene anu akafika Loweruka kuchokera ku Joni adzawerenga okha."

Kuseka kunathera pomwepo. Anamwa makapu awiri a tiyi, anayamikira makatani, anandifotokozera za mbuzi za eniake zomwe zikudwala ku Machinjiri. Munthu wobweretsa nkhani yabwino sazungulira chonchi. Dzuwa litapendeka m'pamene anati, "Ndimayesa akuimbirani. Auza amayi kuti chaka chinonso sabwera. Akuti ntchito."

Khirisimasi yachitatu imeneyi. Amayi awo auzidwa, ine ndikumvera kwa mlendo.

Ndinawaperekeza mpaka pa geti. Atatsanzika kawiri, anabwereranso kudzafunsa ngati ndingawapangireko pilokesi ya amuna awo, koma yowerengeka. Ndinavomera. Awowo amagona pakhomo.