Aphunzitsi Anga a M'khola

Lolemba, 1 Julaye

Mbuzi yafika. Yoyera, ndevu zazitali, maso ngati a kalaliki amene watopa ndi anthu. Lungisa, mwana wa bambo aang'ono, waimanga m'khola n'kundiuza m'Chingerezi kuti, "Masiku khumi ndi awiri, bhuti." Ngati ine sindidziwa kuwerenga. Bhuti ndiye kuti achimwene kunoko.

Ndilembe, mwina mutu upepuka. Mwana wanga Zimkhitha wakomokanso kusukulu, kachitatu, ndipo kuchipatala sanapeze kanthu. Azakhali a Nongazi akuti mizimu ya makolo sikumudziwa mwanayu, zaka zisanu ndi zinayi osamuphera mbuzi ya imbeleko, mwambo wodziwitsa mwana kwa makolo. Womupereka kwa makolo m'khola, mkondo uli m'manja, ndi mwamuna wamkulu pakhomo. Bambo aang'ono tinawaika m'manda chaka chatha. Ndiye watsala ndine, Fezile, wa zaka 46, wokulira ku Upington ndi Chibunu, chinenero cha amayi. Zaka zisanu ndikumata matayala kuno ku Cofimvaba, koma Chixhosa changa chimathera pa moni ndi "bwerani mawa."

Mbuzi ikalira poikhudza ndi mkondo, makolo amulandira mwana. Ikakhala chete, amukana, anthu n'kubalalika. Ndafunsa ngati makolo sangamve Chibunu. Azakhali ati: "Agogo ako anachimva chokwanira ku migodi. Asiye apume." Ayankha m'Chingerezi, monga mwa masiku onse.

Lachitatu, 3 Julaye

Ndinapita ku dipi kukathandiza kusambitsa ng'ombe za eni, cholinga ndilankhule ndi anthu. Chiganizo ndinachikonza njira yonse. Nditangotsegula pakamwa, madala atatu anandiyankha m'Chingerezi nthawi imodzi. Mmodzi anafuna ndimumasulire kalata ya penshoni. Wina anafunsa ngati akunena bwino dzina la matenda ake a shuga.

Kugolosale nakonso chimodzimodzi. Sisi Nomfusi anati, "Bhuti Fezile, tikudziwa mukuyesetsa, koma kumbuyo kwanuko kuli mzere."

Mudzi wonse ukuphunzira Chingerezi pa ine, ulele.

Lachinayi, 4 Julaye

Ndapeza mphunzitsi.

M'mawa ndinalowa m'khola ndi masamba a kabichi, ndipo poti panalibe munthu ndinayamba kutchula mayina a makolo amene azakhali anandilembera kuseri kwa kalendala. Cirha. Ncibane. Qhanqolo. Lomalizali limafuna kuliza lilime kawiri, ndipo langa limangoti nyaa ngati nsapato m'matope. Mbuzi sinaseke. Sinayankhe m'Chingerezi. Inangotafuna n'kumandiyang'ana pakamwa. Ndikakakamira n'kukhala chete kufunafuna liwu, imalira mokwiya mpaka nditalipeza.

Ndaitcha Aphunzitsi.

Loweruka, 6 Julaye

Maola awiri m'mawa, awiri masana. Mayina nditawamaliza ndawauza Aphunzitsi za mitengo ya matayala, za nyengo, za amake Zimkhitha amene ali pa ntchito ku mzinda wa Kapa ndipo abwera Lachisanu. Ndinawafotokozeranso za bambo, kuti anatisiya ku Upington ndili ndi zaka zitatu, n'kudzafera kuno osandisiyira ngakhale liwu limodzi. Chixhosa chothyokathyoka, koma chatuluka. Sindinauzepo munthu zimenezi m'chinenero chilichonse.

Amayi ofulula mowa kuseri kwa khola amva zonse. Wina anakuwa kuti, "Tata wa Zimkhitha, mbuziyo mwailipira zingati za sukulu?" Wina n'kuti, "Msiyeni, ndi yokhayo imene imamumva!" Aseka mpaka kutaya chimera. Koma achita kundinyoza m'Chixhosa, ndipo ndamva zonse. Ndabwerako ndikumwetulira ngati chitsiru.

Lamulungu, 7 Julaye

Aphunzitsi adya chingwe n'kunditsatira kutchalitchi. Alowa pakati pa nyimbo yachiwiri, adutsa amayi a yunifolomu onse, n'kudzaima pambali pa benchi yanga. Mlaliki anatsitsa magalasi. "Mlendoyu wabwera ndi ndani? Amudziwitse kwa mpingo." Ndaimirira, ndawadziwitsa. Ziganizo zitatu, osakakamira. Anthu aomba m'manja, sindikudziwa ngati amaombera ine.

Lachiwiri, 9 Julaye

Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, ndipo mbuzi yake ndinali ine.

Lero ndanena pepala lonse pamtima kasanu, mayina khumi ndi anayi ndi mawu opereka mwana, osapuma. Lungisa anali atatsamira mpanda. Nditamaliza anafunsa, "Bhuti, mbuziyi munaimva liti ikulira?"

Ndinaganiza. Si lero. Si dzulo.

Analowa, anaikoka khutu. Zii. Anaitsina pamimba. Inangomuyang'ana n'kudzatsamiza mutu pa bondo langa. "Mwaipusitsa," anatero. "Mbuzi ya mwambo sicheza ndi munthu. Ikuona ngati ndinu amake. Loweruka ikakhala chete mkondo mundipatse ine, musatichititse manyazi kawiri."

Azakhali atamva anangoti, "Chiyambire sindinaone munthu akulankhulitsa mbuzi mpaka mawu kuithera." Kusintha mbuzi akana. Makolo anaonetsedwa kale iyiyi.

Ndili ndi mantha. Ndi mwana wanga amene akanidwe chifukwa cha kabichi wanga.

Lachitatu, 10 Julaye

Ndayamba kudana ndi Aphunzitsi. Kabichi ndasiya. Moni osapereka. Ndikudutsa pakhola nkhope ili kumbali ngati tinalandana mkazi.

Lachinayi, 11 Julaye

Sizikuthandiza. Andidikira pakhomo pa chimbudzi. Ndawatukwana m'Chibunu, mawu amene amayi akanandisambitsa nawo m'kamwa ndi sopo, iwo n'kumanyambita lamba wanga. Lungisa wabwera ndi galu, galu wagona. Wabwera ndi wailesi, Aphunzitsi adya waya wake. Sisi Nomfusi akuti tiwaonetse mpeni. Tawaonetsa. Aununkhiza.

Madzulo Zimkhitha anandifunsa, "Tata, akandikana ndiye kuti ndipita kuti?" Ndinati palibe akukana munthu pano. Anati, "Nanga bwanji mukunjenjemera?" Ndinati kukuzizira. N'zoona kuti kukuzizira.

Lachisanu, 12 Julaye

Anthu adzaza pakhomo. Amake Zimkhitha afika, amva nkhani yonse asanatsike n'komwe minibasi. Sanandikalipire, ndipo zandiwawa kuposa kukalipiridwa.

Ndalowa m'khola komaliza ndi tsamba limodzi. Ndapepesa.

Loweruka, 13 Julaye

Ndikulemba manja akununkhabe utsi.

Amuna anakhala m'khola, amayi kunja kwa mpanda, Zimkhitha atamupaka dothi loyera kumaso, atafunda bulangeti latsopano. Anyamata anagwetsa mbuzi. Ndinaima pa mzati wopachikapo nyanga za nsembe, ndinavula chipewa, ndinanena pepala lonse. Qhanqolo analira bwinobwino kawiri konse, mdala wina mpaka anati "Ehe." Ndinadutsitsa mkondo pakati pa miyendo ya mbuzi monga anandionetsera, n'kuikhudza pamimba.

Zii.

Ndinabwereza pepala lonse, ndinaikhudzanso. Aphunzitsi anatukula mutu n'kuyamba kutafuna mkono wa jekete yanga. Wina kunja anaseka, wina anamuletsa. Kachitatu chimodzimodzi. Lungisa anatambasula dzanja. "Bweretsani, bhuti."

Ndinayang'ana Zimkhitha. Amayang'ana pansi, akukumba ndowe ndi chala cha kuphazi.

Mkondo sindinapereke. Sindikudziwa chinandigwira n'chiyani, ndinangoyamba kulankhula za m'mutu mwanga, Chixhosa changa chomwe chija cha zigamba. Ndinati: Tata, ndine Fezile, mwana wanu uja munamusiya ku Upington. Simunandisiyire mawu. Ochepa amene mukumvawa ndatola kwa mbuziyi, ndiye ngati akununkha khola musadabwe. Ngati mwakwiya ndi lilime langa, kwiyirani ine. Uyu ndi Zimkhitha. Amakonda masamu, amaopa atsekwe, amaseka ngati azakhali. Sanakulakwireni. Ndikupempha kuti...

Pamenepo mawu anandithera. Liwu limene ndimafuna silinali pa kalendala, silinali paliponse. Ndinaima kukamwa kuli yasa, nsonga ya mkondo ili pamimba pa mbuzi, khola lonse lili chete, misozi ikutsikira m'ndevu pamaso pa amuna onse a m'mudzi.

Aphunzitsi anadikira pang'ono. Kenako anakuwa, mokwiya, kulira kuja kwa masiku oyamba kondiuza kuti pitiriza.

"Camagu!" Khola lonse linakuwa liwu lotsimikiza kuti makolo alandira. Amayi nthungululu kunja. Lungisa anakuwa kuposa onse, wopanda manyazi.

Zotsatirazo ndinachita ndekha, ndi dzanja langa, mwamsanga. Sindilemba.

Zimkhitha wadya nyama yake ya mwendo wakumanja, yopanda mchere, akukwinya nkhope. Wafunsa ngati tsopano amudziwa. Amake ati eya, ndi atsekwe omwe.

Dzuwa likupendeka azakhali anandipeza kuseri kwa nyumba. Anandipatsa beseni, anati, "Cirha," kunditchula dzina la makolo athu, n'kutsanulira mawu ambirimbiri m'Chixhosa, mothamanga, monga amachitira ndi Lungisa. Ndinamva "madzi" ndi "alendo" basi. Ndinadikira kuti abwereze m'Chingerezi. Anangotembenuka n'kumapita.

Ndinapita kumpopi, ndikhulupirira ndi kumene anandituma. Popisa dzanja m'thumba ndinapeza tsamba la kabichi. Ndinaliika m'mawa, mwachizolowezi.