Laputopu ya a Sungeni ndi Pulogalamu Yokana Kukompaila

Msonkhano wa komiti ya zamapulogalamu, kampani ya Nsonga
Tsiku: Lachitatu, 11 Juni 2025
Malo: ofesi yathu ku Limbe, pamwamba pa sitolo ya nsalu
Analipo: a Mohamedi, wapampando; a Stacy, mlembi; a Laban; a Sungeni
Sanabwere: a Abdala, akuti minibasi inafera panjira

1. Vuto

Wapampando anati pulogalamu ya maoda ya kasitomala wathu wa golosale ikufunika Lolemba, koma ikukana kukompaila, kutanthauza kusandutsa khodi imene tinalemba kukhala pulogalamu yogwira ntchito, ndiye palibe choika m'mafoni. A Laban anavomera kuti ndiwo anaika laibulale yatsopano, khodi yolembedwa kale ndi ena yobisira mapasiwedi, chifukwa yakale ili ndi mpata wolowera akuba. Anati yatsopanoyi inachotsa malamulo ena amene khodi yathu imadalira. Anatiwonetsa mizere yofiira yodzaza sikirini, monyadira ngati munda wa tomato.

2. Laputopu yotsala

Zinadziwika kuti pulogalamuyi ikukompailabe pa laputopu ya a Sungeni yokha, popeza iwo amaumira bandulo ndipo saika zatsopano, ndiye laibulale yakale ikadali momwemo. Aka kanali koyamba kuti komiti iyamikire kuumira kwawoko.

Wapampando anati tchuthi cha a Sungeni chiimitsidwe. A Sungeni anakumbutsa komiti kuti Loweruka ndi chinkhoswe chawo ku Chimwankhunda. Anati, "Bwana, azakhali afika kale kuchokera ku Milanje. Mukawauze nokha." Wapampando anabweza mawu awo msangamsanga.

Wapampando anati ndiye mwini apite, laputopu itsale. A Sungeni anakana, kuti nyimbo zonse za perekaniperekani zili momwemo, ndipo sangayerekeze kuzisamutsa masiku atatha kale. Mlembi anamva chisoni, poona kuti maso awo ayamba kulengeza misozi.

3. Chigamulo

Komiti inagwirizana kuti a Sungeni apite, laputopu ipite, ndipo a Laban apite nayo. A Laban akakhala kuseri kwa masipika. Nyimbo zikaima iwo azikakompaila pulogalamu ya Lolemba ndi laibulale yakale. Khodi yoyenda ndi laibulale yatsopano aikonze sabata yamawa.

4. Zina ndi zina

A Laban anafunsa ngati akaloledwe kuvina. A Sungeni anati, "Mukavine mpaka nsapato ibooke, achimwene. Koma laputopu yanga ikakufunsani zoika zatsopano, mukaiyankhe kuti mwiniwake akukwatiwa."

Msonkhano wotsatira: Lachitatu, 18 Juni. Tinatseka nthawi ya nkhomaliro itakwana, a Abdala akungolowa kumene.

A. Mohamedi, wapampando
Stacy Fulutuna, mlembi